Lumo Lobenthuka

"Ndiye ukuti lingathwenso?"

"Chitsulo chilichonse chimathwa, malume. Ngakhale khasu, nditalikhalira pansi, likhoza kumeta ndevu. Funso n'lakuti likuthwera ndani."

Ndinanena moseka, monga ndinkachitira ndi aliyense wobwera pabenchi langa. Koma malume anga, a Alufeyo, sanaseke. Maso awo anali pa kansalu kakuda kamene anali atangofunyulula pakati pa masizasi ndi makina ometera ofa.

Benchilo linali kuseri kwa kanyumba kometera ka mnzanga wina pa Dowa Boma. Digiri yanga ya uinjiniya inkapuma m'sutikesi pansi pa bedi, pamene mwini wakene ndinkanola masizasi a atelala ndi kuukitsa makina a ometa. Kenako malumo opinda aja, amene agogo athu ankametera ndevu, anabwereranso m'fasho. Ometa a ku Lilongwe ndi anyamata a ku Dzaleka anayamba kundibweretsera akale amene ankatola m'misika, odyedwa ndi dzimbiri, othyoka zigumbu, kuti ndiwabwezere moyo. Ntchitoyi ndinaikonda kuposa zina zonse. Kuyambira ndili mwana ndinali munthu wa ndagi ndi bawo, ndipo lumo lowonongeka ndi ndagi yachitsulo: ukaliyang'anitsitsa limakuuza amene analigwetsa, amene analinola ndi dzanja lamanzere, amene analisunga ponyowa.

Koma lumo ili silinafune kuti ndilifunse. Ndinalidziwa lisanatuluke n'komwe m'nsalu. Linali la kwathu ku Kasakula, limene agogo aamuna anabwera nalo kuchokera kumigodi ya ku Joni. Silinkameta ndevu za munthu aliyense. Linkatuluka m'bokosi pokhapokha tikaika mbale m'manda, pa tsiku lometa, pamene wamasiye ndi abale amachotsa tsitsi kuti maliro achoke pamudzi.

"Wamwalira ndani?" ndinafunsa.

"Palibe."

"Nanga latulukiranji?"

"A injiniya, kodi anthu akabwera ndi sizasi mumawafunsanso dzina la nsalu?"

Mawu awo anali osasa, otuluka movutikira ngati madzi a pampopi wotsala pang'ono kuuma. Ndinali nditawagulira Fanta. Anapsontha kamodzi, n'kukhala nayo m'kamwa nthawi yaitali, kenako anatembenukira kukhoma n'kulavula mwaulemu. Madokotala a ku Lilongwe anali atawauza kuti kummero kwawo kwamera chotupa chimene sichingachotsedwenso, n'kuwabweza kumudzi ndi botolo la mankhwala oziziritsa ululu. Munthu amene kale ankanyamula yekha belo la fodya anali atatsala khosi lokhalokha m'kolala ya shati, ngati mthiko mumphika waukulu.

Ndinatenga kagalasi kanga kokuza zinthu, makamaka kuti ndipeze pobisa nkhope. Dzimbiri linali litadya msana wa lumolo. Chigumbu chake cha nyanga chinali chong'aluka, ndipo kamsomali kolumikizira kankagwedera. Koma vuto lenileni linali kukamwa kwake, mbali yodulira, pafupi ndi nsonga, pamene chitsulo chinabenthuka n'kusiya kadzenje kofanana ndi njere ya mawere.

"Apa ndiye pali ntchito," ndinatero.

"Apo ndi pomwe ndabwerera. Pachoke, pasaoneke n'komwe kuti panali kanthu. Ndipo lithwe, mphwanga. Lithwe loti likadutsa pakhungu, munthu asamve."

Polankhula zimenezo zala zawo zinkasisita pakhosi, pamwamba pa kolala. Mwina ndi pamene pankapweteka basi. Koma maso anga sanachoke pa zala zimenezo.

"Amayi ako usawauze," anatero akudzuka mogwira benchi. "Mkazi wanga Wezzie nayenso asadziwe. Ndipo usachedwe nalo. Ine si munthu wodikira mvula ya chaka chino."

Ndinawakweza pa njinga yamoto ya kabaza. Anagwira wakabazayo m'chiuno ndi manja onse awiri ngati mwana, ndipo sanacheuke.

Ndagi iliyonse ndimaimasula pochotsa mayankho olakwika mpaka patatsala limodzi. Njira imeneyi inandipambanitsa mayeso ambiri. Sabata imeneyo inandilanda tulo ndi njala yomwe.

Ndinati mwina akufuna kumeta ndevu. Koma ndevu zawo zinali zowerengeka, ndipo lezala ya m'golosale inkawakwanira moyo wawo wonse. Ndinati mwina asing'anga awalonjeza mphini pakhosi. Koma asing'anga satema mphini ndi lumo la maliro, ndipo malume anali mkulu wa mpingo amene ankaseka zoterezo. Ndinati mwina akukonzekera maliro awo omwe, monga ena amagulira thabwa la bokosi ali moyo. Koma wakufa amasamala chiyani za kuthwa kwa lumo? Iye sametedwa. Ndipo akanabisiranji?

Linatsala yankho limodzi. M'mapiri athu nkhani za abambo otopa ndi moyo sizachilendo, timazimva pa wailesi ndi pamaliro onong'onezana. Njira zimene timamvazo zimafuna munthu wotha kumeza kapena wotha kukwera. Malume sankathanso zonse ziwiri. Anali ndi manja okha, ndi mphwawo wodziwa kunola.

Lumolo ndinaliona komaliza likugwira ntchito pa maliro a malume aang'ono, a Mose. Kwathu wometa mkazi wamasiye amakhala mlongo wa malemu, ndiye anali amayi anga, a Esinati. Ndikukumbukira a Manesi, mkazi wa a Mose, atakhala pamphasa miyendo atatambasula, magazi akutsika kuseri kwa khutu mpaka kulowa m'bulauzi. Sanakuwe. Ankangoluma nsonga ya chitenje. Amayi anakweza lumolo m'mwamba kuti aliyense aone.

"Ndi lumoli, abale. Onani labenthuka. Ine nditani?"

Anthu anagwedeza mitu. Inenso, mnyamata wa ku yunivesite, ndinagwedeza nawo, mwinanso kuposa onse, chifukwa zinali zomveka: chitsulo chobenthuka chimakola khungu n'kuling'amba. Zoti masiku onse a malirowo amayi ankanena kuti a Manesi ndiwo anadya mlongo wawo, ndinaziika m'thumba lina. Sizinali za chitsulo.

Tsopano lumo lomwelo linali pabenchi langa, ndipo manja anga, amene sadziwa mantha, anayamba ntchito okha. Ndinachotsa dzimbiri ndi sandipepala wonyowa, kuyambira wokhakhala mpaka wofewa, kufikira dzina la mzinda wa ku Ulaya litaonekanso pachitsulo. Mng'alu wa chigumbu ndinaumata ndi guluu wosakaniza ndi fumbi la nyanga ya ng'ombe. Kamsomali kakale ndinakagulula, n'kukhomerapo kena kamkuwa pang'onopang'ono, kuti lumo lizitseguka mosagwedera.

Kenako ndinafika pobenthuka paja. Pamenepa sipamatidwa. Kuti kadzenje kachoke, uyenera kupha kukamwa konse. Umaimika lumo chilili pamwala wokhakhala n'kumalicheka ngati ukudula buledi, mpaka chitsulo chonse chitsike kufika pansi pa kadzenjeko. Likafika pamenepo limakhala lowongoka, lonyezimira, lokongola, koma silingadule ngakhale papaya lakupsa. Kuchokera apo m'pamene umaligoneka pamwala n'kuyamba kuliukitsa.

Ndinalipha bwinobwino. Kuliukitsa ndiye ndinalekeza.

Foni inayamba kulira.

"Latha?"

"Ndikudikira mwala wina kuchokera ku Lilongwe, malume."

Patapita masiku angapo inaliranso.

"A injiniya, kodi msewu wa ku Lilongwe unakokoloka?"

"Guluu sanaume."

"Guluu wakoyo ndi phala?"

Ndinkaseka nawo, koma ndikadula foni lumolo sindinkalikhudza. Ndinaganiza zouza amayi, koma kuuza amayi kunali ngati kuimba belu la tchalitchi. Ndinaganiza zolitaya m'chimbudzi n'kunena kuti akuba anathyola. Koma munthu amene anandilera bambo atatisiya, amene anandiperekeza yekha mpaka pageti la yunivesite atavala jekete yobwereka, sindikanatha kumuyang'ana m'maso ndi bodza lalikulu chotero. Laling'ono ndinkatha.

Ulendo womaliza mawu awo anali ongonong'ona.

"Ubwere nalo Lamulungu. Ukapanda kubwera ndidzabwera ndekha, ndipo ndikakafera pa kabaza, wonyamula udzakhala iwe."

Ndinanyamuka m'mawa Lamulungulo. Unali mwezi wa Juni, ndipo nkhungu inali itakhala pamapiri a Ntchisi ngati yalipira lendi. Lumo linali m'chikwama cha kumsana, lonyezimira koma lakufa. Nzeru yanga inali yoti ndiwapatse chomwecho. Munthu wodwala, wa maso ofooka, akanaona kuwala n'kukhutira. Miyala yonolera ndi lamba wachikopa ndinanyamulanso, chifukwa sindinkazisiya pabenchi, kuopa ozibwereka osabweza.

Woyamba kundiona anali a Wezzie, mkazi wa malume. Anandikodola ndisanafike pakhomo, n'kundikokera kuseri kwa khitchini. Iwo kwawo kunali ku Rumphi. Anabwera kuno ali mtsikana ndi makolo awo amene anali matenanti pa esiteti ya fodya, ndipo malume atawakwatira anawatengera kumudzi kwathu. Mwana sanabereke. Makolo awo anabwerera kumpoto kalekale. Pamudzi ponse, munthu wawo anali mmodzi yekha, amene tsopano ankalavula Fanta.

"A Elifala, mwachita bwino kubwera," anatero motsitsa mawu. "Mipeni yonse ndinakaisiya kwa a Manesi. Zenga, chikwanje, zonse. Ndiwo ndikungothyola ndi manja."

"Anenapo kanthu?"

"Ululu ukawagwira amayang'ana kudenga n'kunena kuti ndatopa. Tsiku lina ndinawapeza akufunafuna m'bokosi la agogo. Nditafunsa anati akufuna kalata ya ubatizo. Munthu ameneyu ndakhala naye zaka zambiri, bodza satha."

Chikwama chinandilemera kumsana ngati muli njerwa.

"Amayi anu nawonso," anapitiriza, akupukuta manja ouma kale pachitenje. "Akuti ndine ndinawatseka kummero achimwene awo. Akuti ife akumpoto timathira m'ndiwo. Dzulo pachitsime anauza anthu kuti tsiku likubwera, adzandigwira mutu ndi manja awiri." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Koma zimenezo n'zazing'ono. Inu muyang'anire malume anu."

Malume ndinawapeza kumbali kwa nyumba kumene dzuwa linali litayamba kufika, atakhala pampando wandalema, atafunda bulangeti mpaka m'khosi. M'masabata ochepawo anali atatha kwambiri. Moni sanadikire kuti ndimalize.

"Tione."

Ndinafunyulula kansalu kakuda kaja. Analitsegula, n'kulitembenuzira kudzuwa. Anayendetsa chala pachigumbu, kufunafuna mng'alu, osaupeza. Anasuzumira kunsonga. Ndinaona nkhope yawo ikumasuka, ndipo mtima wanga unayamba kuvina. Kenako anatulutsa mkono m'bulangeti, analavulira pang'ono, n'kuyendetsa lumolo paubweya. Palibe ngakhale katsitsi kamodzi kamene kanagwa. Anabwereza. Anandiyang'ana.

"Wandibweretsera supuni yokongola."

"Malume..."

"Ya mtengo wapatali, ya chigumbu cha nyanga. Tsoka lake phala sindikumezanso."

"Mukufuna kuchita nalo chiyani?"

"Lumo amachita nalo chiyani?"

"Ndiuzeni kaye."

Anapuma movutikira. Kutali, kutchalitchi, ankaimba nyimbo yotsekera.

"Miyala wabwera nayo?"

Ndinafuna kukana, koma chikwama chinali pamapazi awo, ndipo analikhudza kale ndi chala cha phazi.

"Tamvera, mphwanga. Ukalisiya chonchi, ntchito yake lidzaigwirabe. Palibe angaliletse, ngakhale iwe, ngakhale abusa. Koma lidzaigwira mokoka, mong'amba, mobwereza pamodzimodzi. Iwe wasukulu, tandiuza. Lopweteka ndi liti, lakuthwa kapena lobuntha?"

"Lobuntha."

"Ndiye ukumufunira munthu zopweteka?"

"Munthu wake uti?"

Anatseka maso. "Nola. Anthu akutuluka."

Mpaka lero sindidziwa ngati ndinamvera chifukwa cha ulemu kapena chifukwa chithunzi cha lumo lobuntha pakhosi lija chinandiopsa kuposa cha lakuthwa. Ndinadziuza kuti ndinola, koma silichoka m'manja mwanga. Ndigona nalo, ndidzuka nalo, ndikhala pamudzi pano mpaka zonse zithe.

Ndinakhala pakhonde, n'kunyowetsa mwala woyamba. Ndinagoneka lumo, msana ndi kukamwa zonse zikhudze mwala, n'kulikankha kutsogolo ngati ndikufuna kusenda khungu la mwalawo. Kufika kumapeto, kulitembenuzira pamsana, kubwerera. Madzi anayamba kuda ndi fumbi la chitsulo. Poyamba phokoso linali lokhakhala ngati tsache pabwalo. Pa mwala wachiwiri linafewa. Pa wachitatu linatsala ngati kupuma kwa munthu wogona. Nthawi zonse pamenepa m'pamene ndimasangalala, pamene lumo limayamba kumamatira pamwala ngati silikufuna kuchoka. Tsiku limenelo sindinasangalale. Ndinamangirira lamba wachikopa kumzati wa khonde, n'kulipukutira pamenepo, msana patsogolo, uku ndi uku.

Malume anazula tsitsi limodzi la imvi pamutu pawo n'kundipatsa. Ndinaligwira kunsonga, n'kulitsitsira pakamwa pa lumo, osakankha. Linagwa pawiri, mosamveka.

Nditadzutsa mutu, pabwalo panali patadzaza. Mwambo wa Lamulungu unali woti anthu akatuluka kutchalitchi adzere kwa wodwala. Amuna anakhala pamipando ndi pazitsa, akazi pamphasa. Amayi anga anali kutsogolo, atavala bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi, akundiyang'ana modabwa chifukwa sanadziwe kuti ndabwera. A Manesi anakhala kumapeto, duku atalitsitsa mpaka m'makutu monga ankavalira chiyambire maliro aja. A Wezzie anaima pakhomo la khitchini ndi beseni lopanda kanthu.

"Bwera nalo," anatero malume.

Nzeru zanga zonse zinasungunuka. Ukanakana bwanji malume ako pamaso pa mudzi wonse? Ukanati chiyani? Ndinalipinda, ndinapita, ndinagwada, n'kulipereka ndi manja awiri. Koma sindinabwerere pakhonde. Ndinaima kumbuyo kwa phewa lawo lamanja, pafupi poti ndikhoza kugwira dzanja, ndipo ndinadziwa, monga munthu amene analinola, kuti ndikhoza kuchedwa.

Anatsitsa bulangeti mpaka m'chiuno. Khosi linatsala poyera, mitsempha ikuoneka ngati mizu ya pamtunda. Anatsegula lumo. Wina mwa akazi anati, "Ii, si la maliro limenelo?" Beseni la a Wezzie linagwa pansi n'kugubuduzika. Malume anakweza lumolo pang'onopang'ono mpaka kuwala kwake kunavina pansi pa chibwano chawo. Dzanja langa linali litanyamuka kale.

Kenako analitembenuza, chigumbu patsogolo, n'kulilozetsa kwa amayi.

"Esinati, undimete."

Amayi anabwerera m'mbuyo ali chikhalire. "Achimwene, matendawa afika kumutu? Lumo limenelo ndi la maliro. Awa ndi malodza!"

"Mutu ukundiyabwa. Kodi wodwala sameta?"

"Ndikagula lezala. Elifala, thamangira kugolosale."

"Elifala sapita kulikonse. Ndati undimete ndi ili." Anapuma kaye, akusonkhanitsa mpweya. "Tsikulo likubwera, tonse tikudziwa, tisanamizane ngati ana. Inu nonse mudzaonerera. Ine ndekha, mwini maliro, ndiye sindidzaona kanthu. Ndiye ndikufuna ndione lero mmene dzanja la mlongo wanga limayendera."

Mkulu wina wa mpingo anakhosomola, n'kuyamba kuti, "A Alufeyo, mwambo wathu..."

"Mwambo ndikuudziwa, akulu. Ndi womwe ndikuukonzera njira. Wezzie, madzi ofunda, sopo, ndi kansalu koyera kaja ka pathebulo."

Palibe amakana pempho la munthu amene phazi limodzi lili kale kumanda. Amayi anadzuka ngati akupita kukhoti. Analandira lumolo, analiyang'ana kunsonga, ndipo ndinaona maso awo akufunafuna kanthu kamene sikanaliponso. Anandiyang'ana ine. Ndinayang'ana pansi.

A Wezzie anabwera ndi madzi, ena n'kutayikira pamapazi a amayi. Awiriwo sanayang'anane. Amayi anapaka thovu pamutu wa mlongo wawo.

Mantha anga sanathe, anangosamuka. Mutu wa malume unali wovuta kuposa uliwonse umene ndinauonapo. Mnofu unali utatha, khungu linali lofewa ndi lamakwinya ngati tsamba la fodya lonyowa, mafupa ali tumphutumphu. Ndipo lumo lakuthwa chotero silikhululuka. Likapita kutsogolo limameta, koma likangotsetsereka cham'mbali ngakhale pang'ono, limatsegula khungu munthu asanamve. Dzanja la amayi linkanjenjemera.

Linanjenjemera mpaka pamene chitsulo chinakhudza mutu. Pamenepo linaima nji. Ndi chala chachikulu cha kumanzere anakoka khungu kuti liwongoke, ndipo lumo linatsika mwakachetechete, kusiya njira yosalala pakati pa thovu. Anapukutira pachitenje, n'kubwerezanso pambali pake. Pabwalo panali zii, moti tinkamva nkhuku zikupalasa kuseri kwa nkhokwe.

Ali pakati, chifuwa chinawagwira malume. Chinabwera mosachenjeza, monga chinkachitira, n'kuwagwedeza thupi lonse. Mutu unadumphira m'mwamba, molunjika kumene kunali lumo. Ndinakuwa. Koma lumolo linali litachoka kale. Amayi anali atalinyamulira kumwamba, pamwamba pa phewa lawo, ndipo dzanja lina linagwira mphumi ya mlongo wawo mpaka chifuwa chitadutsa.

"Pepani, achimwene," ananong'ona. "Pumani kaye."

"Pitiriza," anatero malume. "Dzanja lako n'lochenjera."

Anafika kuseri kwa khutu. Anapinda khutulo mofatsa ndi zala ziwiri ngati akutsegula Baibulo lakale, n'kudutsitsa nsonga ya lumo m'kangodya kaja. Ndinapezeka ndikuyang'ana a Manesi. Iwonso ankayang'ana pomwepo, osaphethira.

Atamaliza, mutu wa malume unali mbee padzuwa la Juni. Malume anatenga kansalu koyera m'manja mwa a Wezzie, n'kudzipukuta okha, pang'onopang'ono, kuyambira pamphumi mpaka kunkhongo, kuseri kwa khutu ili ndi ilo. Kenako anakatambasula ndi manja awiri, n'kukaonetsa kwa amuna, kwa akazi, kwa mkulu wa mpingo uja. Panali chinyezi ndi titsitsi ta imvi. Dontho lofiira panalibe.

"Elifala," anatero osacheuka. "Iwe ndiwe unapita kusukulu ya zitsulo. Uza anthuwa. Lumoli lili ndi vuto?"

Apa m'pamene ndagi inamasuka m'mutu mwanga, mochedwa, ndipo ndinalakalaka ikanakhala yomangika.

"Lilibe, malume."

"Kweza mawu. Ine ndiye wodwala kummero, osati iwe."

"Lilibe vuto."

"Pobenthuka paja, pamene panavulaza mlamu wathu?"

"Ndinachotsa."

"Nanga dzanja la amayi ako, waliona wekha. Lili ndi vuto?"

Amayi anali chiimire ndi lumo m'manja, thovu likuuma pazala. Munthu amene anandibereka pamsana kukwera nane mapiri amenewa ndikudwala malungo ankandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Lilibe," ndinatero.

Malume anatambasula dzanja, ndipo amayi anawabwezera lumolo. Analipukuta pabulangeti, analipinda, n'kuliika m'dzanja langa. Anafumbatitsa zala zanga ndi zawo zozizira.

"Usunge ndiwe, kuti mkazi wanga akatenge mipeni yake kumene anaibisa. Ndatopa ndi ndiwo zothyola ndi manja, ngakhale ndimangonunkhiza." Panamveka kuseka kumodzi, kofulumira kufa. "Tsikulo udzalipukute pa lamba wakoyo pamaso pa anthu onsewa. Udzapereke kwa amayi ako. Ndipo udzaime pomwe waimapo."

Kumapeto kwa mphasa, a Manesi anakweza manja n'kuyamba kumasula duku lawo. Sanafulumire. Analipinda bwinobwino n'kuliika pamiyendo. Kuchokera kuseri kwa khutu kukwera mpaka paliwombo panali mizere yotuwa, yowongoka, yotalikirana mofanana, imene tsitsi linakana kumerapo. Ine ndimadziwa chilonda chimene chitsulo chobenthuka chimasiya. Sichiwongoka choncho.

Malume anakoka bulangeti n'kufunda mpaka m'khosi. Anayang'ana a Wezzie, amene anali atagwada pafupi ndi beseni, tsitsi lawo lakuda lolukidwa bwino likuwala padzuwa. Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo, ndipo ngakhale mawu anali ongonong'ona, anafika mpaka kumapeto kwa bwalo.

"Ndiye Esinati, mutu uwu ukadzatuluka magazi, udzanamizira chiyani?"